Pulagi ya ulendo ya ba Daka

Mwezi uno wa Okutobala chakwana chaka chimwalirireni ba Daka. Si kalendala imene yandikumbutsa ayi. Dzulo ndinachapa nsalu zofunda n'kuziyanika pa waya wakuseri, ndipo madzulo poanula ndinazipeza zili mbee, zikununkhira sopo yekhayekha. Ndinaima nazo m'manja nthawi yaitali ngati munthu amene waiwala chimene walowera m'chipinda. Zaka zonse zimene ndakhala ku Kabwata kuno ndinkadandaula kuti zochapa zanga zimanunkha utsi wa njinga ya mkulu ameneyu. Tsopano utsiwo kulibe, ndipo ndikuuzeni zoona, sindikukondwa.

Tinali oyandikana nyumba. Nyumba zathu ndi zija zing'onozing'ono zakalekale, zofulatirana, pakati pongodutsa mpanda wa waya umene ngakhale nkhuku siuopa. Ine ndine telala, makina anga amakhala pakhonde lakuseri. Iwo anali atapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, kwawo kunali ku Petauke, ndipo pamene ndinasamukira kuno ndinawapeza ali kale okha, mkazi wawo atamwalira. Anali aatali, oonda, a makutu akuluakulu amene ankangomva zimene mwini wake wafuna. Dzina langa ankalidziwa bwinobwino, koma mpaka tsiku lomaliza ankanditchula kuti ba Telala.

Pansi pa mtengo wa gwafa, kumbali yawo ya mpanda, ndi pamene inkagona njingayo. Inali njinga yamoto ya m'tchire, ya matayala a mano akuluakulu ndi madigadi yotchinga matope yokwezeka m'mwamba, imene anayenda nayo m'midzi zaka za ntchito n'kuigula popuma. Injini yake inali ya mtundu umene amati thu sitiroko, imene imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo. Kulira kwake kunali kwa njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo ikadzuka m'mawa inkatulutsa utsi wabuluu umene unkadziwa njira imodzi yokha, ya ku waya wanga.

"Ba Daka, imwe!" ndinakuwa sabata yoyamba yomweyo. "Onani mabedishiti yanga! Nachapa na manja, manje yanunkha monga galaji!"

Anazimitsa injini, navula chisoti, n'kundipatsa moni wa ulemu wonse ngati takumana pakhomo la tchalitchi.

"Mwauka bwanji, ba Telala? Uyu ni utsi wa oyilo wabwino. Sununkha, ununkhila. Woipa ni uja wakuda, wa pulagi yodwala. Mukauona uyo, muniuze."

Sindinkadziwa kuti pulagi n'chiyani, ndipo sindinkafuna kudziwa. Koma munthu sungasoke zaka zambirimbiri pafupi ndi ba Daka osaphunzira. Pulagi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, ka khosi loyera longa kapu yadothi, kamene amakapotera pamutu pa injini. Kunsonga kwake kumathetheka kamoto kamene kamayatsa petulo. Kwa anthu ena ndi kanthu kongogula, kumanga, n'kuiwala. Kwa ba Daka inali nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Akamabwera kuchokera kulikonse, ankazimitsa injini ali pakona paja pogulitsira makala, njinga ikuthamangabe, n'kudzafika pageti mwakachetechete ngati wakuba. Ankati ukaisiya injini ikulira pamalo amodzi, imafufuta zonse zimene msewu walemba pa pulagi. Kenako ankakhala pa kampando kawo kathabwa, manja ali pamaondo, kudikira kuti injini izizire, chifukwa kumasula pulagi mutu wa injini uli wotentha n'kuononga mazinga ake opoterapo. Ukawafulumizitsa ankangokuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikazizira ankaimasula n'kuitembenuza padzuwa pafupi ndi diso, monga mayi amayang'anira lilime la mwana amene wagona osadya.

Mitundu inalipo itatu, ndipo ndinailoweza ngati katekisimu. Ikatuluka yakuda bii, yonyowa ndi oyilo, ndiye kuti pulagiyo yazizira kwambiri, ikulephera kuwotcha mwaye wake, ndipo mawa lake uponda kiki yolizira injini mpaka mwendo kutupa. Ikatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka, ankamwetulira n'kuibwezera pamalo pake. Koma ikatuluka yoyera mbuu, youma, ya timatuza kunsonga, nkhope yawo inkasintha, ndipo tsiku limenelo sankayankha ngakhale moni.

Nthawi imene magetsi anayamba kuzimazima, anthu a mumsewu wathu anagula timajenereta, ndipo tikavuta ankabwera ndi mapulagi awo atakulunga m'mapepala a nyuzi. Ba Daka ankathandiza aliyense, koma malipiro ake anali kuima padzuwa n'kumvera ulaliki wonse, kuyambira pa oyilo mpaka pa ulesi wa anthu a masiku ano. Ambiri ankabwera kamodzi osabwereranso. Komanso musaganize kuti ankalondola nthawi zonse. Jenereta ya mayi wina wa saluni anaisinthasintha mapulagi sabata yathunthu, pamene vuto linali madzi m'petulo, ndipo zitadziwika sanapepese. Anzawo a ntchito ena anali atamwalira, ena atabwerera kum'mawa, choncho alendo enieni pakhomo pawo kunalibe. Ankaphika okha pa mbaula, n'kudyera pansi pa gwafa pomwepo atayang'ana njinga.

Chiphunzitso chawo chachikulu chinali cha pulagi yotentha ndi yozizira. Ankati yotentha ili ndi mphuno yaitali mkati, imasunga moto, ndipo ndiyo ya m'tauni, mmene umakwawa kumbuyo kwa minibasi, kuima pamaloboti, kuzemba maenje. Motowo umawotcha oyilo asanaunjikane. Yozizira ili ndi mphuno yaifupi, imataya kutentha msanga, ndipo ndiyo ya ulendo wautali, pamene watsegula mafuta onse tsiku lathunthu. Ukalowa nayo m'tauni imatsamwa ndi mwaye, koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono, umangoimasula n'kuipukuta. Choopsa n'kutenga ya m'tauni kupita nayo pa msewu waukulu. Nsonga yake imafiira ngati khala, n'kuyamba kuyatsa petulo nthawi isanakwane, mpaka pisitoni, chitsulo chokwera ndi kutsika m'kati mwa injini, imabooka. Pa mapulagi amene iwo ankagula, nambala ikamakwera ndiye kuti pulagi ikunka nizizira. Ya m'tauni inali seveni, ya ulendo inali naini.

"Nanga eyiti?" ndinafunsa tsiku lina, ndikufuna kuwakola. "Ili pakati. Simungaikeko chabe iyo, mwapumula?"

"Buku ikamba eyiti," anavomera. "Koma eyiti ni ya munthu wamene saziba kwamene ayenda."

Kugula pulagi unali ulendo wa tsiku lonse. Kangapo tinakumana ku Kamwala, ine ndikusaka nsalu ndi mazipi, iwo ali pa kauntala ya shopu ya zitsulo, anthu atadzaza kumbuyo kwawo. Ankatulutsa pulagi yakale m'thumba n'kuigundanitsa ndi yatsopano kuti aone ngati mazinga ake ndi otalika mofanana, chifukwa yaitali imagunda pisitoni ndipo yaifupi imabisa moto m'dzenje. Ankaiyesa kulemera m'dzanja, n'kupala zilembo zake ndi chikhadabo kuti aone ngati zifufutika. Ankati zabodza zachuluka, ndipo nambala yolembedwa pa pulagi yabodza ndi dzina chabe. Wogulitsa wina anatopa nawo, nawauza kuti, "Ba shikulu, ni pulagi chabe iyi, si mukazi wokwatila!" Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Ba Daka anaika pulagiyo pakauntala pang'onopang'ono, natuluka, ndipo m'shopu imeneyo sanapondemonso.

Tinakangana zambiri, ine ndi iwo. Tinakangana za utsi, za wailesi yanga, za magwafa ogwera kwanga kuti ndi a yani. Ndinawakwiyira tsiku limene ndinawapatsa chimanga chootcha cha mtima wabwino iwo n'kundibwezera, ati sadya. Koma mkangano umene unandipweteka unali wa mpando wakumbuyo. Pampando pamenepo panali kapilo kakale ka chitenje, kosuluka, komangidwa ndi mphira, kosokedwa pamanja ndi munthu amene mwachionekere sanali telala. Ndinadzipereka kuwasokera kena kabwino. Anandiyankha kuti ndisamale za makina anga. Ndiye Loweruka lina ndinachedwa ndi diresi la ukwati limene ankalidikira ku Chilenje, minibasi osaoneka, thukuta lili kamukamu. Ndinawapeza akupukuta njinga.

"Ba Daka, nithandizeniko, nipelekeni pa Chilenje apa. Mukwati alindila."

"Awe, ba Telala. Apa sipankhala munthu."

"Nanga ka pilo aka ni ka ndani? Ka mizimu?"

Anapita kumsewu nandiimitsira takisi, koma ine ndinakwera ndili chitupire, ndipo ndinatha mwezi osawapatsa moni. Aliyense wobwera kudzayesa zovala ndinkamuuza kuti ndili ndi mnansi woumira, wokonda chitsulo kuposa anthu.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Roda, wokwatiwa ku Woodlands, mayi wa ntchito yake ndi galimoto yake. Ankabwera Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, atanyamula shuga ndi mankhwala a bambo ake, ndipo nthawi zambiri ankachoka maso ali psuu. Mpanda wa waya subisa mawu, choncho nkhani yawo ndinkaidziwa. Mayi ake anaikidwa kumudzi ku Petauke. Roda anali atawamangira chiliza chabwino, ndipo monga mwa mwambo chinakutidwa kudikira tsiku loti achibale asonkhane, abusa apemphere, n'kuchivundukula. Akuchikazi anakana kuchivundukula popanda mwamuna wa malemu. Mwamuna wa malemuyo chiikireni maliro anali asanapondekonso kumudziko.

"Adadi, motoka ilipo, petulo nizagula ine. Tinyamuka m'mawa, mazulo tafika. Chavuta ni chani?"

"Nizabwela na njinga."

"Chaka chatha munakamba so. Na chaka chija futi. Pulasitiki yamene tinavinikila mwala yasila na zuba, ba malume bachinja kangati!"

"Mvula ikasila, nizabwela na njinga."

Mvula inkatha, chimanga chinkauma, mphepo ya Juni inkafika, ndipo ankati adikire kutenthe pang'ono. Kukatentha ankati kwatenthetsa, injini ingavutike m'mapiri a ku Luangwa. Ine ndinali kumbali ya Roda, ndipo sindinabise. Ndinawauza pamaso kuti akuzunza mwana ndiponso akuchititsa manyazi malemu, kuti munthu wa imvi ngati iwo alibe chifukwa chokwerera chithuthuthu mtunda wonse umenewo galimoto ilipo. Anandimvetsera mpaka mawu anandithera, kenako anandifunsa ngati ndinaona utsi wakuda m'mawa umenewo.

Nkhani yeniyeni sindinaimve kwa iwo. Anandiuza ndi Roda, tsiku lina ataima pakhonde langa manja ali m'mwamba, ine ndikumuyeza diresi, mapini ali kukamwa. Ndinamufunsa za chitsulo china chonga kapu chimene chinkakhala pazenera la bambo ake, chokhala ndi bowo lolowa chala pakati pake. Anati imeneyo ndi pisitoni. Anatsitsa manja ndisanamalize kuyeza, nakhala pa mpando wa makasitomala.

Mayi ake, anatero Roda, ndiwo anali mwini wa kapilo kaja, ndipo anasoka okha. Zaka zonse za ulangizi ankayenda limodzi ndi mwamuna wawo, ndipo atasamukira ku Lusaka ankapitabe kumudzi pa njinga nthawi yodzala ndi nthawi yokolola. Anali ndi kachitidwe kawo. Ponyamuka ku Kabwata m'njinga munkakhala seveni, chifukwa tauni yonse umaidutsa mokwawa. Naini ankasunga ndi mayiwo, atamanga pa mfundo ya chitenje. Akafika pa thanki ya madzi ya ku Chelstone, pamene nyumba zinkathera masiku amenewo ndipo msewu wa kum'mawa unkatseguka, mayiwo ankagogoda paphewa la mwamuna wawo. Ankaima pamthunzi n'kugula chimanga chootcha, kumadya uku akudikira injini izizire. Kenako mayi ankamasula mfundo, kupereka naini, kulandira seveni n'kuimanga pomwepo. Ba Daka sankakumbukira okha za kuima pa Chelstone. Panalibe chifukwa, wokumbukira anali kumbuyo kwawo.

Chaka chimene anamwalira, mayiwo anatsogola pa basi kukakonza munda, nasiya naini patebulo. Patapita masabata angapo kunabwera foni kuti adwala mwakayakaya, ali pa chipatala chaching'ono cha pafupi ndi mudzi, ndipo akungoitana mwamuna wawo. Unali Okutobala, dzuwa litakwera, mabasi a kum'mawa atanyamuka kale. Ba Daka anaponya naini m'thumba la jekete, naponda kiki. Pa Chelstone anadutsa ngati mphepo, chifukwa kumbuyo kunalibe wogogoda. Anadutsa Chongwe, anadutsa Rufunsa, mafuta ali otsegula onse, ndipo m'mapiri aja otsikira ku mlatho wa Luangwa injini inayamba kulira ngati muli timiyala mkati, kenako n'kuzima. Atamasula pulagi anaipeza yoyera mbuu, nsonga itasungunuka. Popisa dzanja m'thumba kuti atenge kansalu kopukutira, anakhudza naini ili m'kabokosi kake.

Magalimoto ankadutsa apo ndi apo, onse odzaza. Dzuwa litapendeka anapeza lole ya feteleza imene inawanyamula pamodzi ndi njinga yakufayo, koma inkaima paliponse ndipo inagona panjira. Anafika mawa lake n'kupeza amayi akulira kale pakhomo. Mkazi wawo anali atatsirizika m'bandakucha. Amene ankadwazika matendawo ananena, mwina mosaganiza, kuti wodwalayo akamva chilichonse chikulira kumsewu ankadzutsa mutu n'kunena kuti njinga ija ndi imeneyo.

"Adadi sibanakambepo ati nine ninalakwa, olo ati ni njinga," anatero Roda. "Banaika malilo, babwela nayo pa lole, baikonza. Chapwa. Manje bafuna ati bakafike nayo. Nanga amami bazaimvela kumanda?"

Diresi sitinamalize kuyeza tsiku limenelo. Madzulo ndinawapatsira ba Daka mbale ya chiwawa chotendera, ndiwo za masamba a maungu, pamwamba pa mpanda, ndipo iwo analandira.

Pali chinanso chimene ndinaona ndi maso anga. Masiku ena a Loweruka ankavala jekete ija ndi chisoti, namangirira kachikwama kumbuyo kwa kapilo, n'kutuluka ngati munthu wa ulendo, koma pofika masana anali atabwera. Tsiku lina ndikukapereka mayunifomu ku sukulu ina ya ku Chelstone, ndinawaona pazenera la minibasi. Chelstone ya lero si mathero a tauni, nyumba ndi mashopu zapitirira mpaka kutali. Anali ataimika njinga m'mphepete mwa msewu pafupi ndi thanki, atakhala pa mwala, chisoti chili pamaondo, kabokosi ka pulagi kali m'manja. Chapafupi panali mayi wootcha chimanga, koma iwo anali atamufulatira. Anyamata a njinga zatsopano zija zoperekera zakudya ankawadutsa uku ndi uku. Pobwerera ndinawapeza ali pomwepo, injini itazizira kalekale. Ndinamva chisoni, ndiponso ndinapsa mtima, chifukwa sindinkaona mmene ungathandizire munthu amene akudikira kugogodedwa ndi wakufa. Sindinatsike, ndipo sindinawauze kuti ndinawaona.

Chaka chawo chomaliza manja anayamba kunjenjemera. Supuni inkagogoda m'kapu ndikumva ndili kwanga, ndipo kiki ankaiponda n'kupumira, kuponda n'kupumira. Roda anawakonzera chipinda ku Woodlands, iwo anafunsa ngati kuli mtengo woimikapo njinga, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye m'mawa wina ndinamva akundiitana pampanda ndi mawu otsika, osati a mkangano.

"Ba Telala, nibwelekeniko manja yanu."

Ndinazungulira kugeti. Zaka zonsezi ndinali ndisanalowepo pansi pa gwafa paja. Pulagi anali atailowetsa kale pabowo lake, koma zala zinkawakanika kuipota.

"Yambani na manja chabe, osati spana," anatero. "Ikakana mubwelele kumbuyo, osakakamiza. Imwe muziba va ulusi na nyeleti, ni chimozimozi."

Ndinapota ndi zala mpaka inakhala pansi, kenako anandipatsa sipanala nandiuza kuti ndikoke pang'ono pokha. Nthawi yonseyi ndinali ndikuwakalipira, kuti oyilo andidetsera nsalu ya eni ake, kuti munthu wonjenjemera chotere njinga aisiye. Iwo ankangomwetulira. Jekete anali atachapa, ili pa waya wawo. Matayala anali atapopa, ndipo pakhomo panali chigubu cha petulo wosakaniza kale ndi oyilo. Zonsezi ndinaziona, koma mutu wanga unali pa diresi limene ndinasiya pamakina, ndipo nambala ya pulagiyo sindinaiyang'ane.

"Zikomo, ba Telala. Mailo musayanike m'mawa. Nizachita utsi kuseni-seni."

Mawa lake ndinaudikira utsiwo. Ndinasiya zochapa m'beseni, dzuwa linakwera, kuseri kuli zii. Nditapita kukagogoda ndinawapeza atagwa pafupi ndi bedi, atavala jekete, nsapato imodzi ili kuphazi. Anali akupumabe. Tinathamangira nawo kuchipatala ndi Roda, koma sanalankhulenso, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira.

Roda anaganiza zokawaika kumudzi pafupi ndi mayi ake. Ndinakwera nawo basi ya maliro, galimoto ya bokosi ili patsogolo pathu, amayi a mpingo akuimba. Malo ndinapeza kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Titafika pa thanki ya Chelstone dzanja langa linanyamuka lokha n'kumugogoda paphewa.

"Muli na vuto, amai? Museluka pano?"

"Awe. Tiyeni chabe."

Kumudzi tinapeza chiliza chija chili chikutire ndi pulasitiki yakuda yomangidwa ndi waya. Abusa anapempherera zonse ziwiri pamodzi, maliro ndi chiliza. Anavundukula mwala wa mayi, dzenje la bambo lili kukamwa yasaa pambali pake, ndipo malume ake a Roda, nkhalamba yoyendera ndodo, anayang'ana bokosi n'kunena mokweza kuti, "Mwafika tsopano, alamu." Ine mumtima ndinagwirizana nawo. Ndinkaganiza kuti ba Daka akanapatsidwa zaka zina zambiri akanangopitabe pa Chelstone n'kubwerera.

Njinga anaigula bambo wina wa ku Kabulonga amene amakonda kuthamangitsa njinga zakale m'tchire. Anabwera ndi makaniko wake ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo. Makanikoyo anafuna kuimva ikulira asanaikweze. Inalira, ndipo utsi unabwera pa waya wanga komaliza. Anazungulira nayo pang'onopang'ono m'timisewu tathu, koma pobwera inali ikutsokomola, ndipo inazimira pageti. Anamasula pulagi, naiyang'ana, napukusa mutu.

"Ah, ba mudala aba! Naini mu tauni? Iyi ni ya pa haiwe iyi. Benze kuyenda kuti?"

Sankafunsa ine, koma ndinali pampanda, ndipo ndinamva zonse. Ndinakumbukira kuti polongedza katundu ndi Roda tinapeza seveni ili pazenera, pambali pa pisitoni yobooka ija. Ba Daka, amene sankalola naini kulowa m'tauni, anali atasankha kudutsa Lusaka yense ndi pulagi yotsamwa, kuipukuta panjira ngati kukanafunika, kuti pa Chelstone pasakhale chowaimitsa. Seveni yobwerera nayo m'tauni anaisiya pakhomo. Ndipo amene anamanga pulagi ya ulendowo ndi zala zake ndine.

Ndinamupempha makanikoyo kuti andipatse pulagiyo. Anaseka nandiponyera pamwamba pa mpanda, ikadali yofunda, yakuda ndi mwaye wa m'timisewu ta Kabwata. Roda ndinamuuza pa foni kuti bambo ake anali atamanga pulagi ya ulendo wa kumudzi. Iye anati, "So benze kubwela," n'kudula.

M'nyumba muja muli anthu ena tsopano, banja laling'ono limene limachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo kuseri safikako. Pansi pa gwafa udzu unamera ndi mvula n'kuuma ponseponse, kupatula malo amodzi akuda pamene oyilo ankadontha. Kathabwa kamene ankatsamiritsapo mwendo wa njinga kakadali pomwepo, katalowa m'dothi. Msomali umene ankapachikapo sipanala ukadali pa mtengo, wopanda kanthu. Nyengo ya magwafa inafika n'kudutsa, anagwa mbali zonse ziwiri za mpanda n'kuolera pansi, panalibe woti ndikangane naye. Pulagi ija ili m'kabati ya makina anga pamodzi ndi mabobini, ndipo sindinaipukute. M'mawa ndikatulutsa beseni la zochapa ndimapezeka ndaima kaye pampanda, kumvetsera ngati wina aponda kiki, kenako ndimayanika.